Mwana, Kankhwangwa ndi Nkhalango: Mafunso ndi Mayankho pa Kuphunzitsa Mawu ndi Kumvetsa Nkhani

Aphunzitsi ambiri amadandaula za vuto limodzi. Mwana amawerenga ndime yonse mokweza, osaphonya liwu ndi limodzi lomwe, koma mukamufunsa zimene zachitika m'nkhaniyo amangozyolika. Pakamwa pamatuluka mawu, m'mutu simutsala kanthu. Lipoti limene Banki Yaikulu Padziko Lonse inatulutsa mu 2022 pamodzi ndi mabungwe ena linasonyeza kuti m'mayiko a kum'mwera kwa chipululu cha Sahara, pafupifupi ana 9 mwa ana 10 alionse amakwanitsa zaka 10 asakutha kuwerenga kankhani kosavuta n'kukamvetsa. Njira zothetsera vutoli zilipo zambiri, ndipo imodzi mwa izo ndi kuphunzitsa pogwiritsa ntchito nkhani ya munthu amene watayika m'tchire n'kumalimbana kuti akhale ndi moyo. M'sukulu zambiri za ku America, buku lodziwika pa ntchito imeneyi ndi Hatchet. Mafunso otsatirawa ndi amene mphunzitsi kapena kholo angafunse asanayese njirayi.

Kodi buku la Hatchet ndi lotani, nanga limakamba za chiyani?

Analilemba Gary Paulsen, mlembi wa ku America amene anabadwa mu 1939 n'kumwalira mu 2021. Bukuli linatuluka mu 1987 ndipo chaka chotsatira linalandira ulemu wa Newbery Honor, womwe umaperekedwa ku mabuku a ana olembedwa mwaluso. Dzina lake likutanthauza kankhwangwa kakang'ono kogwira ndi dzanja limodzi.

Mpangankhani wamkulu ndi Brian Robeson, mnyamata wa zaka 13. Makolo ake angolekana kumene, ndipo iye akuuluka pa kandege kakang'ono kuchokera ku New York kupita kumpoto kwa Canada kukacheza kwa bambo ake, omwe amagwira ntchito kokumba mafuta. Popita ku bwalo la ndege, mayi ake akumupatsa kankhwangwa ngati mphatso, iye n'kukakoleka pa lamba. Ali m'mlengalenga, woyendetsa ndege akudwala mtima mwadzidzidzi n'kufa. Ndege ikusochera, mafuta akutha, ndipo Brian akuigwetsera m'nyanja ina pakati pa nkhalango. Akutulukamo wamoyo, koma alibe chakudya, alibe machesi, ndipo palibe munthu amene akudziwa komwe ali. Chimene ali nacho ndi zovala za m'thupi, tinthu tochepa ta m'matumba ndi kankhwangwa kaja.

Akukhala m'nkhalangomo masiku 54. Udzudzu ukumuluma mpaka maso kutupa. Akudya tizipatso tosadziwika n'kutsegula m'mimba usiku wonse. Nungu ikumulasa minga pamwendo. Pang'ono ndi pang'ono akuphunzira kukoleza moto, kupha nsomba, kusaka mbalame ndi kusunga chakudya, mpaka tsiku limene ndege ina ikumupeza.

N'chifukwa chiyani nkhani yotere imathandiza kuposa mndandanda wa mawu olembedwa pa bolodi?

Chifukwa m'nkhani yotere liwu lililonse lili ndi ntchito, ndipo ntchitoyo ikukhudza moyo wa munthu. Mwana akaloweza mawu khumi ndi matanthauzo ake Lolemba, amawalemba bwino pa mayeso a Lachisanu, koma pomatha mwezi amakhala atawaiwala, poti palibe chimene chinawamangirira m'mutu mwake. Koma akakumana ndi liwu loti shelter pamene dzuwa likulowa, Brian ali yekhayekha ndipo sakudziwa kogona, liwulo limabwera ndi mantha, ndi mdima, ndi thanthwe limene mnyamatayo wapeza kuti abisalepo. Zimenezi siziiwalika msanga.

Chachiwiri, nkhani ya kupulumuka imabwereza mawu yokha, mphunzitsi asanachite kukakamiza. Njala, moto, madzi, mantha ndi malo ogona zimabwera mutu ndi mutu, nthawi iliyonse m'njira yosiyanako. Akatswiri a kawerengedwe amagwirizana kuti mwana sagwira liwu poliona kamodzi. Ayenera kukumana nalo kambirimbiri m'ziganizo zosiyanasiyana, ndipo bukuli limachita zimenezo mwachibadwa.

Chachitatu, nkhaniyi imayenda mwa dongosolo losavuta kulitsata: vuto, kuyesa, kulephera, kuganiza, kuyesanso. Dongosolo limeneli ndilo msana wa kumvetsa nkhani iliyonse. Mwana amene waphunzira kufunsa kuti "vuto n'chiyani apa, wayesa chiyani, chalakwika n'chiyani" amatenga mafunso omwewa n'kupita nawo ku phunziro la sayansi kapena la mbiri yakale.

Ndipo pali chinthu china chimene mndandanda ulibe. Mwana amafuna kudziwa ngati Brian adye lero. Chilakolako chimenecho ndicho chimamukokera kupyola mawu ovuta m'malo motseka buku.

Mawu achilendo m'buku lotere ndi ochuluka. Mphunzitsi asankhe ati?

Musayese kuphunzitsa onse. Isabel Beck, Margaret McKeown ndi Linda Kucan, m'buku lawo la Bringing Words to Life lomwe linatuluka koyamba mu 2002, anagawa mawu m'magulu atatu. Gulu loyamba ndi la mawu a tsiku ndi tsiku, monga madzi, mtengo, kudya. Gulu lachitatu ndi la mawu a ntchito imodzi yokha. M'mitu yoyambirira ya Hatchet muli mawu otere okhudza ndege, monga altimeter, kachipangizo kosonyeza kutalika kwa ndege kuchoka pansi. Gulu lachiwiri, lomwe lili pakati, ndi la mawu amene samveka kawirikawiri pocheza koma amapezeka m'mabuku a mitundu yonse, monga survive, panic, gradually ndi desperate.

Nthawi yanu yambiri ipite ku gulu lachiwirili. Liwu la gulu lachitatu lifotokozeni m'chiganizo chimodzi, kapena jambulani kachithunzi pa bolodi, n'kupitirira. Mwana sadzavutika m'moyo chifukwa choiwala dzina la kachipangizo ka m'ndege. Koma gradually adzakumana nalo m'buku la sayansi pofotokoza kukokoloka kwa nthaka, m'buku la mbiri yakale, ngakhale pa pepala la mayeso a Sitandade 8.

Pa mutu umodzi, mawu asanu kapena asanu ndi limodzi ndi okwanira. Posankha dzifunseni mafunso awiri. Kodi mwana akapanda kulidziwa liwuli, nkhani imusokonekera? Kodi adzakumana nalonso kwina? Ngati mayankho onse ndi inde, liwulo liphunzitseni mozama.

Onaninso ngati ndimeyo ikuyenerana ndi msinkhu wa ophunzira anu. Kafukufuku wa Marcella Hu ndi Paul Nation wa mu 2000 anasonyeza kuti wophunzira chinenero chachiwiri amamvetsa bwino nkhani payekha akamadziwa pafupifupi mawu 98 mwa mawu 100 alionse. Izi zikutanthauza liwu limodzi lokha lachilendo pa mawu 50. Ngati m'mzere uliwonse muli mawu awiri kapena atatu achilendo, musamusiye mwana awerenge chamumtima. Muwerengereni mokweza, kapena fupikitsani ndimeyo ndi mawu osavuta.

Tiyerekeze phunziro limodzi. Lingayende bwanji?

Titenge mbali imene Brian akupeza moto. Usiku wina akumva chinthu chikukwawa m'msasa wake. Mumdima akuponya kankhwangwa, kakuphonya n'kumenya thanthwe, ndipo tizimoto tikuthetheka. Chinthucho ndi nungu, ndipo ikumusiyira minga pamwendo. M'mawa, atazula mingayo ndi ululu, akukumbukira kuthetheka kuja n'kuzindikira kuti moto uli m'kankhwangwa ndi mwala.

Musanatsegule buku, funsani kalasi kuti: "Machesi atha, kwa aneba kulibe moto. Mungaukoleze bwanji?" Manja adzakwera. Wina adzanena za khala lobisika m'phulusa, wina za udzu wouma, wina adzakumbukira agogo ake akufotokoza za kupeka moto ndi timitengo. Lembani mayankho awo pa bolodi. Kenaka perekani mawu atatu kapena anayi amene mwasankha, lililonse ndi tanthauzo lalifupi komanso chiganizo chokhudza moyo wa anawo.

Tsopano werengani mokweza, koma muziima. Brian akuyesa udzu wouma ndi timitengo, moto sukugwira. Akung'amba ndalama yake ya pepala ya madola 20 m'tizidutswa, sukugwirabe. Apa tsekani buku n'kufunsa kuti: "Chikusowa n'chiyani?" Apatseni mphindi ziwiri kuti akambirane awiriawiri. Kenaka pitirizani. Brian akuona mitengo ya birch, yomwe khungwa lake ndi lopyapyala ngati pepala. Akulisenda, akulinyenyanyenya kwa nthawi yaitali mpaka likusanduka ngati ubweya, n'kuliumba ngati chisa cha mbalame. Tizimoto tikugweramo, tikuyaka pang'ono, n'kuzima. Imaninso. Mwana aliyense amene anagwadapo pa mafuwa m'mawa akudziwa yankho: uuzire! Ndipo Brian akukumbukiradi zimene anaphunzira ku sukulu, kuti moto umafuna mpweya. Akuuzira mwamphamvu, ukuzima. Akuuzira mofatsa, lawi likubuka.

Taonani zimene zachitika m'kalasimo. Ana alosera, aona ngati kulosera kwawo kunali kolondola, agwiritsa ntchito zimene amadziwa kale, ndipo mawu atsopano awamva ali pa ntchito. Potsiriza, aliyense alembe m'kope ziganizo zinayi zofotokoza zimene Brian anayesa, motsatana, pogwiritsa ntchito mawu awiri mwa atsopano aja.

Ndi mafunso otani amene amasonyeza kuti mwana wamvetsadi?

Funso loti "Brian anali ndi zaka zingati?" lili ndi malo ake, koma mwana angathe kuliyankha pongosaka nambala m'ndime, osamvetsa kanthu. Mafunso amene amakulitsa nzeru ndi omwe yankho lake silinalembedwe pa mzere umodzi, ndipo mwana ayenera kulumikiza mbali ziwiri za nkhani.

Mwachitsanzo: n'chifukwa chiyani ofufuza sanamupeze Brian msanga? Kuti ayankhe, mwana ayenera kubwerera ku chiyambi, pamene woyendetsa ndege akuvutika ndi ululu anaponda chopondera n'kupatutsa ndege pa njira yake, kenaka ndegeyo inauluka maola angapo kulowera kwina. Ofufuza ankasaka kumene ndege inayenera kudutsa. Funso lina: n'chifukwa chiyani mivi ya Brian inkaphonya nsomba zimene ankaziona bwinobwino m'madzi? Yankho ndi lakuti madzi amapinda kuwala, choncho nsomba siikhala pamene maso akuionera, ndipo anayamba kulasa atalunjika pansi pang'ono. Bweretsani tambula ya madzi, ikanimo pensulo, ana aone ikuoneka ngati yathyoka. Tsiku limenelo mwaphunzitsa kuwerenga ndi sayansi nthawi imodzi.

Ndiye pali mafunso oweruza. Kumapeto kwa buku Brian akutulutsa m'ndege yomira ija chikwama cha zinthu zothandiza pangozi. Mmenemo muli mfuti ndi choyatsira moto, koma m'malo mosangalala nazo akumva ngati zikumulekanitsa ndi nkhalango imene waidziwa movutikira. Funsani: akuganiza bwino, kapena ayi? Funso lotere lilibe yankho limodzi, koma mwana aliyense apereke umboni wochokera m'nkhani. Chizolowezi chofunsa kuti "wazipeza pati zimenezo?" ndi chimodzi mwa zinthu zamtengo wapatali zimene mphunzitsi angasiyire ophunzira ake.

Miyambi yathu imathandizanso. Uzani ana asankhe mwambi woyenerana ndi mutu umene awerenga, afotokoze chifukwa chake. Wina akasankha "kuona maso a nkhono n'kudekha" pa mbali imene Brian akuphunzira kusaka mbalame modekha, poyang'ana maonekedwe a thupi lake m'malo mwa mtundu wa nthenga, mwadziwa kuti mfundo yaikulu waigwira.

Ana athu sanaonepo nkhalango za ku Canada. Kodi nkhaniyi sikhala yakutali kwambiri?

Zina n'zachilendodi, ndipo ziyenera kufotokozedwa. Moose, chinyama chimene chikumugunda Brian m'madzi, ndi chachikulu ngati ntchefu, ndipo chimakonda malo a madambo. Skunk, kanyama kamene kakumuthira madzi onunkha m'maso n'kumudyera mazira a kamba, n'kofanana ndi kanyimbi. Chimbalangondo ana ambiri amangochiona pa zithunzi. Mapu a dziko lonse, ngakhale ojambula pa bolodi, adzawasonyeza kumene kuli Canada ndi chifukwa chake kumazizira.

Koma pa zinthu zazikulu za nkhaniyi, mwana wa kumudzi kwathu amadziwa zambiri kuposa mnzake wa mumzinda wa New York. Amadziwa kuti utsi umathamangitsa udzudzu. Amadziwa nkhuni zimene zimasunga moto usiku wonse. Watcherapo msampha, wawedzapo, amasiyanitsa bowa wodyedwa ndi wakupha, ndipo amadziwa kuti masuku ndi matowo amapsa liti. Nzeru zimenezi ndi chuma pa kuwerenga. Mu 1988, Donna Recht ndi Lauren Leslie anapatsa ana a sukulu ku America ndime yofotokoza masewero a baseball. Ana amene ankaonedwa ngati ofooka pa kuwerenga koma odziwa bwino masewerowo anamvetsa ndimeyo kuposa ana owerenga bwino amene masewerowo sankawadziwa. Zimene mwana amadziwa kale pa nkhani zimanyamula mbali yaikulu ya kumvetsa kwake.

Apa ndi pamene nkhani ya kupulumuka m'tchire imachita chinthu chosowa m'kalasi. Mnyamata amene amakhala kumbuyo, amene amaweta mbuzi ndipo Chingerezi chimamuvuta, mwadzidzidzi ndiye katswiri. Iye ndiye angauze anzake kuti Brian analakwitsa kudya tizipatso tambirimbiri tosadziwika nthawi imodzi, ndiponso kuti chakudya sasiya poti chilombo chingafukule. Mwana akaona kuti zimene amadziwa zili ndi malo m'buku, amayamba kuliona bukulo ngati lakenso.

Nkhani ndi ya Chingerezi. Kodi n'kulakwa kukambirana m'Chichewa?

Si kulakwa. M'sukulu za boma ku Malawi, mwana akafika Sitandade 5 amayamba kuphunzira maphunziro ambiri m'Chingerezi, pamene ambiri amakhala asanachigwire mokwanira. Kumuletsa kuganiza m'chinenero chake pa nthawi imeneyi n'kumulanda chida chokhacho chimene ali nacho.

Kumvetsa nkhani kuli ndi miyendo iwiri, monga anafotokozera Philip Gough ndi William Tunmer mu 1986: kutha kutchula mawu olembedwa, ndi kumva chinenero. Umodzi ukafooka, kumvetsa kumagwa. Luso lolosera, lofupikitsa nkhani ndi lopeza chifukwa cha zinthu mwana akaliphunzira m'Chichewa, silitayika akamawerenga Chingerezi.

Njira yabwino ndi iyi. Werengani ndime m'Chingerezi. Lolani ana akambirane m'magulu m'chinenero chimene amaganizira, kaya Chichewa, Chiyao, Chitumbuka kapena Chisena. Kenaka athandizeni kunena mfundo yawo m'chiganizo chimodzi kapena ziwiri za Chingerezi, momwe muli liwu latsopano. Choyenera kupewa ndi kumasulira liwu ndi liwu ndime yonse, chifukwa ana akadziwa kuti kumasulira kukubwera amasiya kumvetsera Chingerezicho n'kumangodikira.

Kalasi ili ndi ana oposa 100 ndipo buku ndi limodzi. Zingatheke?

Zingatheke, ndipo buku limodzi m'manja mwa mphunzitsi wowerenga mwaluso limafika patali. Werengani mokweza mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu patsiku, mawu anu azisintha ndi nkhani, ndipo muziimira pamene mitima ili m'mwamba. Ana adzabwera mawa akufunsa okha kuti mupitirize.

Koma kumvetsera kokha sikukwana, maso a mwana ayenera kuona mawuwo. Lembani ndime imodzi yofunika pa bolodi kapena pa tchati, ndipo ntchito yozama ichitikire pa ndime imeneyo. Gawani ana m'magulu ang'onoang'ono, ndipo m'gulu lililonse mukhale ntchito zinayi zimene Annemarie Palincsar ndi Ann Brown anazifotokoza mu 1984: wina alosere zimene zichitike, wina afunse funso, wina amasulire pamene pavuta, wina afupikitse. Tsiku lotsatira asinthane. Poyamba muziwasonyeza nokha, poganiza mokweza pamaso pawo, monga kunena kuti: "Apa sindinamvetse chifukwa chake akulira. Ndibwerere m'mbuyo ndione." Ana ambiri sadziwa kuti ngakhale wowerenga bwino amasokonezeka n'kubwereza.

Pakhoma pakhale malo a mawu amene mwaphunzira, olembedwa pa zidutswa za makatoni. Mawuwo asamangokhala zokongoletsa. Muziwatchula pa nthawi zina, pa nkhani ya mpira, ya mvula, ya ulimi, mpaka ana ayambe kuwatchula okha.

Kodi nkhani za ngozi ndi imfa sizingawapweteke ana?

Funso ili ndi lofunika, ndipo yankho lake likuyamba ndi lamulo limodzi: werengani buku lonse nokha musanalibweretse m'kalasi. Mu Hatchet muli imfa ya woyendetsa ndege, muli kutha kwa banja ndi chinsinsi chimene Brian akusunga chokhudza mayi ake. Muli mbali imene ndege yofufuza ikudutsa osamuona, iye n'kutaya mtima mpaka kufuna kudzipha. Chakumapeto akuona mtembo wa woyendetsa uja m'madzi. Mbali zina mungathe kuzifotokoza mwachidule ndi mawu anu, malingana ndi msinkhu wa ana.

Muziganiziranso zimene ana anu adutsamo. M'maboma a Blantyre, Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu muli ana amene anataya abale ndi nyumba pa namondwe wa Freddy mu Marichi 2023. Ndipo nkhani ya ndege yogwa m'nkhalango idzakumbutsa ambiri ngozi ya ku Chikangawa ya pa 10 Juni 2024, imene inapha wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, a Saulos Chilima, ndi anthu ena asanu ndi atatu. Musakakamize mwana kufotokoza zowawa zake pamaso pa anzake. Mukaona wina wasintha nkhope, lankhulani naye padera.

Komabe tisawabisire ana nkhani zotere. Zikaphunzitsidwa mosamala zimawapatsa mawu onenera mantha, chisoni ndi chiyembekezo, ndipo zimawasonyeza munthu wa msinkhu wawo amene anagwa mphwayi n'kudzukanso.

Nanga ngati buku la Hatchet silikupezeka?

Njirayi sidalira buku limodzi. Pali nkhani zoona zimene mphunzitsi angathe kuzilemba yekha pa tsamba limodzi kapena awiri, m'Chingerezi chosavuta kapena m'Chichewa.

Pa 1 Meyi 2023, kandege kena kanagwa m'nkhalango ya Amazon ku Colombia. Akuluakulu onse atatu anafa, kuphatikizapo mayi wa ana anayi amene anali m'ndegemo. Anawo, a mtundu wa Huitoto, anali a zaka 13, 9 ndi 4, ndipo wamng'ono anali wa miyezi 11. Anawapeza amoyo pa 9 Juni, patatha masiku 40. Poyamba ankadya ufa wa chinangwa umene unali m'ndege, kenaka zipatso ndi njere za m'nkhalango zimene ankazidziwa kuchokera kwawo. Mwana wa ku Nkhata Bay kapena ku Nkhotakota, amene amadya kondowole, nkhani imeneyi adzaimva ngati yapafupi.

Palinso Juliane Koepcke, yemwe ali ndi zaka 17 anapulumuka yekha pa anthu 92 pamene ndege inasweka m'mlengalenga ku Peru pa 24 Disembala 1971. Bambo ake anali atamuphunzitsa kuti wotayika m'nkhalango atsate madzi, chifukwa kamtsinje kamathira mumtsinje, ndipo m'mbali mwa mtsinje mumakhala anthu. Anatsata malangizowo, ndipo patatha masiku 11 anthu odula mitengo anamupeza.

Musaiwale nkhani za m'mudzi momwemo. Pafupifupi paliponse pali agogo amene anasocherapo m'phiri kapena asodzi amene mwera unawakankhira kutali. Ana akafunse, alembe, abweretse m'kalasi.

Tidzadziwa bwanji kuti njirayi yagwira ntchito?

Mayeso olemba matanthauzo a mawu amangosonyeza kuti mwana waloweza. Kuti muone ngati liwu lakhala lake, mupatseni malo atsopano oligwiritsira ntchito. Muuzeni alembe tsamba limodzi la zimene angachite atasochera m'phiri la Mulanje chifunga chitatsika, kapena m'nkhalango ya Dzalanyama dzuwa litalowa, ndipo agwiritse ntchito mawu asanu a pakhoma paja. Onani ngati nkhani yake ili ndi vuto, kuyesa ndi zotsatira. Mupatseninso ndime imene sanaionepo, ya nkhani ina, muone ngati akulosera, kufunsa ndi kufupikitsa popanda inu kumukumbutsa.

Chizindikiro china chimachokera kwa ana eniake. Owerenga ambiri analembera makalata Gary Paulsen kumufunsa chimene chikanachitika Brian akanapanda kupezeka nyengo yozizira isanafike, ndipo mu 1996 iye anatulutsa buku lina, Brian's Winter, poyankha funso lomwelo. Funso loti "bwanji zikanakhala kuti" limachokera kwa munthu amene wamvetsa nkhani mpaka kutha kuisuntha m'maganizo mwake. Ophunzira anu akayamba kufunsa mafunso otere, kutsutsana pa zimene Brian akanachita, n'kumatsegula tsamba kuti apeze umboni, dziwani kuti akuwerenga tsopano. Chotsala ndi kuwapezera buku lina msanga, chidwicho chisanazirale.